KUSERI KWA MAPIRI A NAMWERA: DZIKO LA MWEMBE LIMENE TIKULIIWALA

Tikuthokoza Allah potifikitsa kumapeto kwa mwezi wa Ramadhani tili moyo, ndipo tikupempha kuti alandire kusala kwathu ndi maswala athu a usiku.

Monga mwa chizolowezi, komiti imasiya masamba angapo m'kabuku ka Idi kuti tikumbutsane za mbiri. Chaka chino sitinavutike kusankha mutu. Tsiku lina tikudikira futari pakhonde la mzikiti, mmodzi wa akuluakulu athu anafunsa ana a madrasa kuti, "Kodi Chisilamu chinadzera kuti pobwera kwathu kuno?" Ana anayankha mokweza kuti chinachokera ku Makka. Zoona. "Nanga chitachoka ku Makka?" Wina anati ku Zanzibar, wina anati ku Nkhotakota kwa Jumbe, ndipo kamwana kena kanati chinabwera pa ndege n'kutera ku Chileka. Tinaseka ndithu. Koma titatha kuseka tinayang'anizana, chifukwa ambiri a ife akuluakulu tikadafunsidwa tikadalumpha chimodzimodzi: kuchoka ku nyanja ya mchere n'kudzagwera pa nyanja yathu ino, ngati kuti pakatipo panalibe dziko.

Pakatipo pali dziko, ndipo si laling'ono ayi. Mukachoka ku Mangochi n'kukwera mapiri a Namwera mpaka pa Chiponde, tsidya lakelo ndi Mandimba. Kuyambira pamenepo kulowera kumpoto mpaka mtsinje wa Rovuma, komanso kuvuma kutsata mtsinje wa Lugenda, ndicho chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 129,000, ndiye kuti chigawo chimodzi chokhachi chikuposa Malawi yense kuphatikizapo nyanja. Koma pa kalembera wa 2017 munapezeka anthu osakwana 2 miliyoni, pamene ife kuno pa kalembera wa 2018 tinali 17.5 miliyoni. Munthu wozolowera ku Ntaja kapena ku Namwera, kumene munda wa uyu umathera pakhomo pa uyo, akafika kumeneko amazizwa kuona nkhalango ya mombo yosaoneka mathero ake. Likulu la chigawochi ndi Lichinga, pamwamba pa mapiri pozizira kuposa Zomba. Kuchoka pamenepo kupita ku Maputo ndi makilomita oposa 2,000 pa msewu, choncho ngakhale eni dziko ambiri a kumwera amangomva za Niassa ngati kumathero a dziko.

Mtsinje wa Lugenda uja tisaudutse msanga. Madzi ake amayambira pa nyanja ya Chiuta, ya konkuno ku Machinga, n'kudzera pa nyanja ya Amaramba, n'kuyenda mpaka kukakumana ndi Rovuma pa Negomano. Kale munthu amene ankatsata madzi amenewa amakhala ali pa njira ya ku mbwani, monga ankanenera makolo potchula gombe la nyanja ya mchere.

KUMENE ANACHOKERA AMBIRI A IFE

Zambiri zimene tikudziwa za chiyambi cha Ayao zinasungidwa ndi munthu amene sanali Msilamu. Dzina lake ndi Yohanna Barnaba Abdallah, Myao amene anali wansembe wa mpingo wa Anglican ku Unangu, m'chigawo chomwecho cha Niassa. Iyeyu anakhala pansi ndi nkhalamba za nthawi yake, nalemba buku la Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1919. Tiyenera kumuthokoza, ndipo tichite manyazi pang'ono kuti ntchito imeneyi anatigwirira ndi wina.

Malinga ndi nkhalamba zimene anazifunsa, dzina loti Yao ndi la phiri lopanda mitengo, la udzu wokhawokha, limene lili pakati pa Mwembe ndi mapiri a Luchilingo. Kuchokera pamenepo anthu anabalalika m'magulu, gulu lililonse n'kutenga dzina la malo amene linakakhala. Amene anakhala cha ku mapiri a Mandimba ndiwo Amachinga, amene anakhala pa phiri la Lisaninga ndiwo Amasaninga, ndipo a pa phiri la Mangochi ndiwo Amangoche. Tsono mukamatchula boma la Machinga kapena la Mangochi, dziwani kuti mukutchula mbiri imeneyi.

Malonda anayamba ndi khasu. Panali fuko la amisiri osula zitsulo, Achisi, amene ankayenda m'midzi kusinthanitsa makasu, nkhwangwa ndi mipeni. Poyenda poyenda anafika kugombe, naona nsalu, mikanda ndi mchere. Njira yochoka m'kati mwa dziko kupita ku Kilwa ndi yakale kwambiri: m'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro anayenda pansi kuchoka ku Tete, nadutsa kumwera kwa nyanja yathu, mpaka kukafika ku Kilwa. Pofika zaka za m'ma 1700 Ayao ndiwo anali akatundu a minyanga ya njovu pa chilumba cha Mozambique, ndipo Apwitikizi ankawalemba m'mabuku mwawo kuti Mujao. Misonkho ya Apwitikizi itakwera ndipo njira ya kwa Amakua itavuta ndi nkhondo, anatembenuzira maulendo awo ku Kilwa, kumene mitengo inali yabwinoko.

Kilwa si mudzi wamba m'mbiri ya Chisilamu. Mlendo wotchuka uja Ibn Battuta anafikako m'chaka cha 1331 napeza mzinda wa Asilamu wokhala ndi sultani wake, ndipo makoma a mzikiti wake waukulu wa miyala alipobe. Choncho kwa zaka zoposa zana makolo ankafika pakati pa Asilamu, kugona m'midzi yawo, kumva adhana, kugula nsalu, n'kubwerera kwawo osasintha chipembedzo. Mnyamata amene sanaone mbwani ankasekedwa pabwalo kuti ndi wosinja nyemba ndi amayi. Ulendo unali ngati sukulu ya umuna. Koma Chisilamu chinadikira nthawi yake.

M'zaka za m'ma 1830 ndi pambuyo pake zinthu zinasokonekera. Kunagwa njala, Alolo ndi Amakua anaukira kuchokera kuvuma, kenaka kunabweranso Angoni. Magulu anayamba kukankhana kulowera kumwera ndi kuzambwe. Amachinga anakankha Amangoche, Amangoche n'kutsikira ku mapiri a Shire pakati pa Amang'anja. Umo ndimo maina ngati Kawinga, Liwonde, Malemia, Jalasi, Mponda, Kapeni ndi Matipwiri anakhazikikira m'dziko limene lero tikuti Malawi, pamene Makanjila anakhazikika m'mphepete mwa nyanja chakuvuma. Ena anabwera mwamtendere n'kupempha malo. Ena anabwera ndi mfuti za gogodela.

MUDZI WA CHE MATAKA

Amene anatsala pakatikati pa dziko lakale nakula mphamvu kuposa onse ndi Che Nyambi, Mataka woyamba. Yohanna Abdallah akusimba kuti munthuyu anayamba ndi kuluka madengu, madengu n'kusintha ndi makasu, makasu n'kugula anthu, mpaka anakhala ndi mudzi wakewake. Mudziwo anautcha Mwembe. Mawuwa ndi a Chiswahili, kutanthauza mtengo wa mango, pakuti iye anadzala mango ochokera kugombe pofuna kuti kwawo kufanane ndi mbwani. Ana athu akamagenda mango m'mudzi muno sadziwa kuti mtengo womwewo unali chizindikiro cha ulemerero wa mfumu.

David Livingstone anafika ku Mwembe mu July 1866, atayenda kuchokera kugombe motsata Rovuma, anthu ake ali ofooka ndi njala. Zimene analemba zikutithandiza kuuona mudziwo. Anawerengera nyumba pafupifupi 1,000. Zambiri zinali zamakona anayi potengera mamangidwe a kugombe, osati zozungulira. Anthu ankapatutsa madzi a m'mapiri ndi ngalande kuthirira nsawawa ndi fodya m'nyengo ya chilimwe, ndipo anali ndi ng'ombe ndi nkhosa. Mfumu inavala zovala za Chiarabu, inali yokonda nthabwala, ndipo inamudyetsa bwino mlendoyo masiku onse amene anakhala. Abale, uwu ndi mudzi wa m'kati mwa Africa zaka 10 Blantyre Mission isanayambe, pakuti ija inayamba mu 1876.

Njira ya ku Mwembe sinali ya Ayao okha. Abale athu a ku Nkhotakota amve apa. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, zombo zake zinkawoloka nyanja kukakocheza ku Losefa, tsidya la kuvuma, ndipo kuchoka pamenepo katundu ankasenzedwa pamutu kudutsa m'dziko lomweli mpaka ku Kilwa. Choncho kaya kwanu ndi ku Linga kaya ndi kwa Katuli, nsalu yoyamba, kapu yoyamba ndi msahafu woyamba zimene zinafika m'mudzi mwanu zinagona m'misasa ya m'mphepete mwa Lugenda.

KATUNDU WINA UJA

Apa tiyankhule zoona, pakuti tangotuluka m'mwezi umene tinaphunzira kusunga lilime ku bodza. Minyanga sinali katundu yekhayo. Minda ya ma clove ku Zanzibar ndi ku Pemba inkafuna anthu ogwira ntchito, minda ya nzimbe ya Afalansa pa zilumba za m'nyanja ya India inkafunanso anthu, ndipo anthuwo ankachokera kuno. M'zaka za m'ma 1860 doko la Kilwa Kivinje lokha linkatumiza akapolo pafupifupi 20,000 pa chaka, ndipo ambiri anali ochokera m'madera ozungulira nyanja yathu: Amang'anja, Anyanja, Achewa, ndi Ayao omwe. Livingstone pa ulendo womwe uja anaona magoli otayidwa m'njira ndi mitembo ya anthu omangiriridwa ku mitengo chifukwa cholephera kuyenda. Amene ankawagwira ndi kuwagulitsa anali mafumu omwewa amene tangowatchula mwaulemu, mothandizana ndi Aswahili ndi Aluya a kugombe.

Chifukwa china chimene mafumu ankafunira akapolo, makamaka aakazi, chinali cha pa mtundu. Mwa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Mwamuna akakwatira mfulu, ana ake amakulitsa mudzi wa alamu ake. Koma ana a mdzakazi analibe malume wowaitanitsa, choncho ankakhala a bambo awo mpaka kale. Umo ndimo mudzi wa munthu mmodzi unkakulira n'kufika nyumba 1,000. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti m'magazi a mabanja ambiri a pa mzikiti pano muli wogwira ndi wogwidwa yemwe. Pali agogo aakazi ena m'mibado yathu amene palibe akudziwa kwawo, ndipo akuluakulu akafika pa dzina lawo amatsitsa mawu.

Ena amati tisamakambe zimenezi chifukwa anthu osatifunira zabwino amazigwiritsa ntchito ponyoza chipembedzo chathu. Ife a komiti sitikugwirizana nawo. Mwana amene sanamve nkhaniyi kunyumba adzaimva ku sukulu kuchokera kwa wina, ndipo adzasowa choyankha. Mashehe athu amatiphunzitsa momveka kuti kugwira mfulu n'kumugulitsa ndi tchimo lalikulu pamaso pa Allah. Komanso tikumbuke kuti malondawa anakula mafumu ambiri asanalowe Chisilamu: Che Nyambi mwini atamwalira, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1870, anaikidwa mwa mwambo wakale, pamodzi ndi anthu ena amene anaphedwa kuti amuperekeze. Koma tisabisale kuseri kwa mfundo imeneyi, popeza amene anabwera pambuyo pake anali Asilamu ndipo sanasiye msanga. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma maulendo anapitirira mobisa kwa zaka zina zoposa 20.

Pali kankhani kamodzi kowala m'kati mwa mdimawu. Livingstone ali ku Mwembe, anapeza kuti anthu a Mataka anali atakaukira midzi ya kunyanja popanda chilolezo, ndipo mfumu inalamula kuti amayi, ana ndi ng'ombe zimene anagwira zibwezedwe kwawo. Iye anawaona yekha anthuwo. Ku Niassa mbiri ya pakamwa imagwirizanitsa kubwezedwa kwa akapolo ndi mkazi wa Mataka, Achivanjila, amenenso anafika pamudzipo ngati wogwidwa, ndipo dzina lake linasanduka udindo umene amayi akhala akulowana. Amayi athu a pa mzikiti pano, dzina limeneli lisungeni.

M'MENE SHAHADA INAKWERERA MAPIRI

Mfumu yoyamba yodziwika kuti inalowa Chisilamu ndi Makanjila, cha m'ma 1870. Azungu amene anafika kwa iye mu 1877 anapeza kuti amayankhula Chiswahili, ali ndi zombo pa nyanja, ndipo pamudzi pake pali mwalimu wophunzitsa ana Qur'an. Olowa m'malo a Mataka anatsatira, chimodzimodzinso Mponda, Jalasi ndi ena. Chiongoko chimachokera kwa Allah, izi sitikayika, koma njira zimene chinadzera zimaoneka. Mfumu yochita malonda ndi Zanzibar inkafuna mlembi wodziwa zilembo za Chiarabu woti alembe makalata ndi kusunga ngongole. Mlembiyo ankaswali, ankaphunzitsa ana a mfumu, ndipo pang'ono pang'ono bwalo lonse linazolowera. Mudzi waukulu wa anthu a mitundu yosiyanasiyana unkafunanso chinthu chowamanga pamodzi choposa mizimu ya banja limodzi. Chinamwali cha lupanda chinasinthidwa n'kukhala jando, ndipo kuyambira pamenepo mnyamata aliyense wotuluka ku ndagala ankadziwerengera kuti ndi Msilamu.

Tivomereze kuti Chisilamu cha masiku amenewo chinali chosakanikira ndi miyambo, ndipo mikangano ina imene timakhala nayo mpaka lero pa za sadaka, sikiri ndi maliro mizu yake ili pamenepo. Sitikuweruza nkhani imeneyo m'kabuku ka chisangalalo. Chimene tikunena n'chakuti anthu amenewa anagwira chimene anachipeza, nachisunga popanda mabuku osindikiza, popanda wailesi, popanda thandizo lochokera kunja. Ana ankalemba pa ubao ndi inki yopanga okha, kufufuta ndi madzi, kulembanso. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda anayenda njira yomweyi kukaphunzira ku Kilwa, nabwerera kudzaphunzitsa m'midzi ya kunyanja. Wophunzira wake Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje anapitiriza ntchitoyo, ndipo mashehe ambiri a m'dziko muno akatsata aphunzitsi a aphunzitsi awo amakafika kwa awiriwa. Masiku amenewo mwalimu ndi ophunzira ake ankayenda kuchoka kwa Makanjila kupita ku Metangula kapena ku Mwembe ngati mmene ife timapitira kumsika.

MZERE WA PA MAPU

Pa 11 June 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana dziko, ndipo mzere unadutsa pakati pa mbumba zathu. Palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa. Mbali ya kuno Harry Johnston anamanga Fort Johnston m'chaka chomwecho namenyana ndi mafumu mmodzimmodzi. Makanjila anapha Captain Maguire mu December 1891, koma pofika 1895 Kawinga, Jalasi, Matipwiri ndi Mponda onse anali atagonja, ndipo ena anathawira tsidya lija. Mbali ya uko Mataka anapirira nthawi yaitali. Mu 1890 anthu ake anapha msilikali wa Chipwitikizi, Valadim, amene anabwera ndi mbendera, ndipo Mwembe sanagwe kwenikweni mpaka 1912, pamene Mataka wa nthawiyo anawoloka Rovuma ndi anthu ake ambiri kulowa m'dziko la Majeremani. Apwitikizi anamanga linga pamalopo nalitcha dzina la Valadim yemwe uja.

Apa ndi pamene dziko la pakati linasanduka dziko la kumphepete. Boma la Portugal linalibe ndalama zoyendetsera dera lalikulu chotere, choncho linalibwereketsa kwa kampani ya malonda, Companhia do Niassa, imene inalamulira mpaka 1929. Likulu lake linali kugombe, poyamba ku Ibo kenaka ku Porto Amélia, kumene lero ndi Pemba. Kampaniyi inalonjeza njanji yochoka kugombe kufika ku nyanja koma sinamange. Phindu lake linkachokera pa msonkho wa nyumba ndi potumiza amuna kukagwira ntchito kutali, kuphatikizapo ku migodi ya ku Joni mpaka 1913. Wolephera msonkho ankalawa mbalamatodya, kapena kumugwirira mkazi mpaka alipire. Anthu anachita chimene munthu wopanda mfuti amachita: anasamuka usiku, midzi yathunthu, ena kulowa ku Tanganyika, ena kuno ku Nyasaland. Mabanja ambiri a pakati pathu amene amati "agogo anachokera ku Chipwitikizi" anabwera nthawi imeneyi, osati nthawi ya Kawinga ayi.

Ngati kuti zimenezi sizinakwane, mu November 1917 asilikali a Majeremani otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck anawoloka Rovuma pa Negomano nalowa m'chigwa cha Lugenda, akudya chilichonse chimene anapeza m'nkhokwe za anthu. Angelezi anawatsatira kuchokera ku Fort Johnston ndi asilikali a K.A.R. ndi amtengatenga ogwidwa m'midzi yathu. Agogo athu ena anaponda dziko la makolo awo koyamba atasenza bokosi la zipolopolo la Mzungu.

Tsono mukaona nkhalango yopanda anthu ija, musaganize kuti inalengedwa choncho. Livingstone yemwe, asanafike ku Mwembe, anayenda masiku angapo m'dziko lopanda munthu koma lodzaza ndi mizere ya minda yakale, mapale a miphika ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo. Ukapolo unayamba kulipulula, kampani inapitiriza, nkhondo zinamaliza.

NKHONDO ZIWIRI ZA M'MASIKU ATHU

Nkhondo ya ufulu wa Mozambique itayamba mu September 1964, Niassa ndi Cabo Delgado ndizo zigawo zimene zinasenza moto woyamba. Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda kuti asadyetse asilikali a Frelimo, ndipo ambiri anathawira ku Likoma, ku Tanzania ndi m'midzi yathu ya m'malire. Mu July 1968 Frelimo inachita msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, m'Niassa momwemo pafupi ndi Rovuma, Eduardo Mondlane ali pomwepo. Unali umboni ku dziko lonse kuti pali nthaka ya Mozambique imene Apwitikizi sakuilamuliranso. Koma ufulu utabwera mu 1975, chigawo chimene chinavutika chotere chinasanduka kotayirako anthu. Kunamangidwa misasa yoti n'kophunzitsirako anthu khalidwe latsopano, monga M'telela kumene anasungidwa Uria Simango ndi Joana Simeão asanaphedwe, ndipo mu 1983 boma linatola anthu osowa ntchito m'mizinda ya kumwera n'kukawatula ku Niassa, ambiri opanda khasu kapena wachibale.

Za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo sitichulutsa mawu, popeza ambiri a inu munaona ndi maso. Pofika 1992 m'Malawi munali othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. M'maboma a Mangochi ndi Machinga ambiri sanafikire ku msasa, anafikira kwa achibale. Munthu amangotchula mfumu yake ndi mbumba yake, wina n'kunena kuti, "Aa, ndiwe mwana wa achemwali, khala apa." Tinaswali nawo pa mzere umodzi, tinaika maliro awo m'manda athu, ena tinakwatirana nawo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ambiri anabwerera, ndipo ife tinabwerera ku kuiwala kwathu.

Lero njanji imene inafika ku Lichinga mu 1969 n'kuwonongeka ndi nkhondo inatsegulidwanso mu 2016, ndipo sitima zonyamula malasha a ku Moatize zimadutsa m'dziko lathu kutulukira pa Nayuchi kupita ku Cuamba ndi ku Nacala. Chimanga ndi nyemba za ku Niassa zatipulumutsa kangapo m'zaka za njala, zikulowa pa njinga pa Chiponde. Kumpoto kwa chigawochi kuli nkhalango yosungirako nyama ya masikweya kilomita 42,000, imodzi mwa zazikulu mu Africa, ndipo nkhani ya minyanga sinathe: njovu za m'menemo zinatsika kuchoka pa 12,000 mu 2011 kufika posakwana 4,000 mu 2016 chifukwa cha opha mozembera. Zigawenga zimene zinayamba kupha anthu ku Cabo Delgado mu October 2017, zikudzitcha dzina la chipembedzo chathu, zinafikanso m'boma la Mecula kumapeto kwa 2021 n'kutentha midzi, ndipo ambiri mwa othawa anali Asilamu anzathu. Makolo, mnyamata wanu akauzidwa ndi munthu wosadziwika bwino kuti tsidya lija kuli ntchito kapena maphunziro aulere, bwerani naye kwa Shehe mudzafunse kaye asananyamuke.

Chimene chatidetsa nkhawa kwambiri pokonza nkhaniyi n'chakuti titafunsa m'makomo 10 a pafupi ndi mzikiti, ndi nkhalamba zokha zimene zinatha kutchula mudzi ndi mtsinje kumene mbumba yawo inachokera, ndipo ziwiri mwa izo n'zodwala. Ku nyumba yosungira zakale ya boma ku Maputo kuli makalata a m'zaka za m'ma 1800 amene mafumu a kumpoto kwa Mozambique ankalemba m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu, ndipo akatswiri akuwawerenga. Ife athu ali m'masutikesi akale pansi pa bedi, akudyedwa ndi chiswe.

Choncho komiti yagula kope lalikulu lachikuto cholimba, ndipo likhala ndi mlembi wa mzikiti kuyambira Lachisanu loyamba pambuyo pa Idi. Banja lililonse libwere ndi wamkulu wake ikatha swala ya Juma. Tidzalemba dzina la mbumba, mfumu imene munali pansi pake, mudzi, phiri kapena mtsinje umene agogo ankatchula, chaka kapena nyengo imene anawolokera kuno, ndi dzina la mwalimu woyamba amene anaphunzitsa m'banjamo. Wofuna kuyankhula Chiyao ayankhule Chiyao, tidzalemba momwemo. Kwa amayi kudzakhala mlongo wathu wolemba ku mbali yawo, ndipo nkhalamba zimene sizingathe kuyenda tidzazipeza kunyumba mukatiuza tsiku. Amene muli ndi mapepala akale a zilembo za Chiarabu, ngakhale ong'ambika, musawatenthe. Bwerani nawo atakulungidwa m'nsalu, tidzawajambula ndi foni pamaso panu n'kukubwezerani nthawi yomweyo.